Mboni ya Diso Limodzi: W. K. L. Dickson ndi Kamera Yake

Ambiri mwa ife tidachionapo chithunzi choyenda chija cha Papa Leo XIII: nkhalamba yoonda, yovala zoyera, ikuyenda pa ngolo ya akavalo m'munda wa ku Vatican, kenaka ikukhala pa benchi niikweza dzanja kudalitsa. Ndi chachifupi, ndipo mulibe mau. Maso athu amathamangira kwa Papayo, ndipo mpake. Komabe dzanja lija lidakwezedwa moyang'ana munthu wina amene sitimuona, amene adaaima kuseri kwa chibokosi chaphokoso m'chaka cha 1898. Dzina lake ndi William Kennedy Laurie Dickson. Nkhani ino ndi ya ntchito ya munthu ameneyu, makamaka ya zaka zimene adajambulira kampani ya ku London, ndipo funso limene tiyende nalo ndi ili: kodi umboni wa kamera ndi wotani, ndipo amaulembera malire ndani?

Dickson adabadwa pa 3 Ogasiti 1860 ku Le Minihic-sur-Rance, m'banja la ku Britain limene linkakhala ku France. Mu 1879 adalembera kalata Thomas Edison, katswiri wa zamagetsi wa ku America, kupempha ntchito, koma adamkana. Chaka chomwecho adawoloka nyanja pamodzi ndi mai wake ndi alongo ake nakakhala ku Virginia, ndipo mu 1883 khomo lija lidamtsekukira. Pa malo a Edison adagwira ntchito zosiyanasiyana, koma popeza ankadziŵa kujambula, ndiye adasanduka wojambula zithunzi wa pamalopo. Tsono pamene Edison mu 1888 adaganiza zopanga makina ochitira diso zimene galamafoni imachitira khutu, ntchitoyo idagwera Dickson.

Adayamba ndi kusokera. Poyamba ankayesa kundandalika tizithunzi ting'onoting'ono pa chinthu chozungulira chonga cha galamafoni, koma tizithunzito sitinkaoneka bwino. Njira idapezeka pamene adatembenukira ku lamba wofeŵa wa filimu, wonga amene kampani ya George Eastman idaayamba kupanga. Dickson ndi mnzake William Heise adafika pa lamba wa mamilimita 35 m'lifupi, wokhala ndi tizibowo tinai mbali iliyonse ya chithunzi chimodzi, kuti mano a makina azimkoka mwadongosolo, kumuimitsa kanthaŵi kuti kuŵala kuloŵe, ndi kumkokanso. Muyeso umenewu ndiwo udadzakhala wa dziko lonse lapansi, ndipo nyumba za kanema zidaugwiritsa ntchito zaka zoposa 100, mpaka makina a makompyuta adaulanda malo. Mu Meyi 1891 alendo adaonetsedwa kafilimu ka Dickson mwini wake akupereka moni ndi chipewa m'manja. Mu 1893 adamanga ku West Orange nyumba yojambuliramo yotchedwa Black Maria, yakuda bii, yotsekuka denga, yomatembenuzika kuti izitsata dzuŵa. M'menemo ndimo adajambulira mmisiri mnzake Fred Ott akuyetsemula, mu Januwale 1894. Pa 14 Epulo chaka chomwecho, ku New York kudatsekulidwa malo oyamba kumene anthu ankalipira kuti asuzumire m'bokosi lotchedwa Kinetoscope, mmodzimmodzi, ndi kuona zithunzi zikuyenda.

Pa bokosipo padalembedwa dzina la Edison. Dickson, amene ankaona kuti tsogolo lili pa kuonetsa zithunzi pa nsalu kuti khamu lonse lizionera pamodzi, adayamba kuthandiza mobisa anthu ena, a banja la Latham, amene ankapanga makina otero. Mapanga aŵiri avumbwitsa: nkhaniyo idaululika, ndipo mu Epulo 1895 adachoka kwa Edison. Kumapeto kwa chaka chomwecho iye ndi anzake atatu, Elias Koopman, Harry Marvin ndi Herman Casler, adakhazikitsa American Mutoscope Company. Pofuna kuleŵa milandu ndi Edison, adapanga kamera ya mtundu wina, ya lamba wa mamilimita 68, amene kamerayo inkamboola yokha pojambula. Chimene chidayamba ngati njira yozembera maloya chidabala zithunzi zazikulu ndi zooneka bwino kuposa za wina aliyense pa nthaŵiyo. Koma mtengo wake unali kulemera. Kamera ya Biograph sinali yoti munthu n'kuikoleka paphewa, ndipo mfundo imeneyi tiisunge, pakuti idzatithandiza kutsogoloku.

Dickson adafika ku London mu 1897 kudzatsogolera ntchito yojambula ya nthambi ya ku Britain, imene idadzatchedwa British Mutoscope and Biograph Company. Zithunzi za Biograph zinali zitayamba kale kuonetsedwa mu Malichi chaka chimenecho ku Palace Theatre, nyumba ya zisangalatso ya anthu apamwamba, ndipo zidakhala pa ndandanda wa kumeneko mpaka 1902. Sanali yekha m'munda umenewu. Robert Paul ndi Birt Acres anali atajambula kale mu 1895, ndipo cha ku Brighton George Albert Smith ndi James Williamson ankayesa njira zolumikizira zithunzi kuti zisimbe nthano. Dickson sadatsate njira imeneyo. Luso lake linali lina: kufika pamene ena sakadaloledwa kufika. Ankalankhula zinenero zingapo, ankavala mwaulemu, ankadziŵa kulankhula ndi nduna za mafumu ndi akuluakulu a asilikali. Motero kamera yake idaona chikondwerero cha zaka 60 za ufumu wa Mfumukazi Victoria mu Juni 1897, idaona a banja lachifumu, magulu a nkhondo ndi sitima zapamadzi. Mu Sepitembala 1899 adajambula Herbert Beerbohm Tree m'zigawo za seŵero la King John, ndipo imeneyi ndiyo filimu yoyamba yodziŵika yochokera m'maseŵero a Shakespeare. Chidatsalako ndi chigawo chimodzi chokha, cha mfumu ikuphupha ndi imfa pa mpando.

Khomo louma kuposa onse linali la ku Vatican. Tikumbukire m'mene zinthu zinaliri. Chiyambire 1870, pamene asilikali a Italy adalanda mzinda wa Roma, Apapa sankatuluka m'linga la Vatican. Leo XIII, wobadwa mu 1810 ndi wosankhidwa mu 1878, anali ndi zaka 88, ndipo mphekesera zakuti wafooka kapena ali pafupi kumwalira sizinkatha m'manyuzipepala. Akatolika miyandamiyanda a ku America, a ku Ireland ndi a m'maiko a mishoni ankamtchula dzina pa Misa tsiku ndi tsiku, koma nkhope yake ankaidziŵira pa zithunzi zosayenda. Dickson adadikira miyezi ingapo mu Roma, akupempha kudzera mwa akuluakulu a Eklezia ndi a m'nyumba ya Papa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Potsiriza adaloledwa, ndipo adajambula Papayo kangapo: ali pa ngolo, atanyamulidwa pa mpando, akuyenda m'munda, atakhala pa benchi pafupi ndi Monsinyolo Francesco della Volpe, ndiponso akudalitsa. Leo XIII adakhala Papa woyamba kujambulidwa pa kanema.

Tisaganize kuti nkhalambayo idangogwidwa mwadzidzidzi. Leo XIII anali munthu wokonda luso la kujambula, kotero kuti adaalembapo ndakatulo yachilatini yoliyamikira asanakhale Papa. Ankadziŵa chimene ankachita. Papa woyenda ndi miyendo yake, womwetulira, wokweza dzanja mosanjenjemera kwambiri, linali yankho kwa onse amene ankati mpando wa Petro wasanduka mphasa ya wodwala. Tsono pa benchi paja padakumana zofuna ziŵiri: kampani inkafuna chithunzi chimene opikisana nayo analibe, ndipo Vatican inkafuna mboni yoti ikanene kunja kwa linga kuti Papa ali moyo ndipo ali bwino. Umboniwo unali woona. Koma unali umboni wa zokhazo zimene eni munda adalola kuti zioneke, pa tsiku limene adasankha, pa malo amene dzuŵa linkaŵala mokwanira. Zithunzizo zidaonetsedwa ku Carnegie Hall mu New York mu Disembala 1898, ndipo pambuyo pake zidayenda m'maholo ambiri kumene akhristu adasonkhana kudzaona Atate ao.

Kachigawo ka dalitso kaja kadadzutsa funso limene ife a zaumulungu sitingalilumphe. Munthu amene wakhala m'holo ku America naona dzanja la Papa likulemba mtanda pa nsalu, patapita miyezi chijambulire, kodi wadalitsidwa? Agwade kapena aombe m'manja? Funso limeneli silachibwana, chifukwa likukhudza kusiyana kwa chinthu ndi chithunzi chake, nkhani imene Eklezia adalimbana nayo kale pa Msonkhano Wachiŵiri wa ku Nicaea mu 787, pamene adaphunzitsa kuti ulemu woperekedwa kwa chithunzi umapita kwa mwini chithunzicho. Koma ulemu wochokera kwa ife kupita kwa iye ndi nkhani ina, ndipo dalitso lochokera kwa iye kudza kwa ife ndi nkhani inanso. Wailesi ya Vatican itatsekulidwa mu 1931, ndipo kenaka wailesi yakanema itafala, Eklezia adavomera kuti amene akutsatira mwachipembedzo dalitso la Papa kudzera pa zipangizo zimenezi amalilandira ndithu, malinga akutsatira pa nthaŵi imene mwambowo ukuchitika. Ndiye kuti chofunika si kufanana kwa nkhope, koma kukhala pamodzi mu mchitidwe umodzi, wodalitsa ndi wodalitsidwa, ngakhale pakati pao pali nyanja. Chithunzi cha Dickson chimasunga mkono ukukwezedwa. Sichisunga mphindi imene udakwezedwa. Ndi chikumbutso cha dalitso, ndipo chikumbutso si chinthu chochepa, koma si dalitsolo.

Chaka chotsatira adapita kumene eni malo sankatha kukonza zinthu monga m'munda. Nkhondo ya pakati pa Britain ndi maiko aŵiri a Mabunu, Transvaal ndi Orange Free State, idabuka pa 11 Okutobala 1899. Patangopita masiku atatu, Dickson ndi omthandiza ake aŵiri, William Cox ndi John Seward, adakwera sitima ya Dunottar Castle ku Southampton. M'sitima yomweyo munali mkulu wa asilikali Redvers Buller, ndiponso mtolankhani wachinyamata dzina lake Winston Churchill. Atafika ku Natal, Dickson adapeza ngolo ya akavalo yonyamulira makina ake, nadziphatika ku gulu la asilikali apamadzi amene adaatsitsa mizinga m'sitima zao kuti akathandize pa ulendo wokamasula mzinda wa Ladysmith. Anali pa mtsinje wa Tugela pa 15 Disembala 1899, tsiku la nkhondo ya ku Colenso, pamene Angelezi adagonja kwambiri nataya anthu oposa 1,000, ophedwa, ovulala ndi ogwidwa. Analiponso mu Januwale 1900 pa masiku a Spion Kop.

Anthu a ku London ankayembekeza kuona nkhondo monga ankaionera pa zithunzi zopenta: akavalo akuthamanga, malupanga akung'anima, adani akuyang'anana maso ndi maso. Nkhondo imeneyo kunalibe. Mfuti zatsopano zinkapha munthu ali kutali kwambiri, wonga wake sunkatulutsa utsi, Mabunu ankabisala m'maenje ndi m'miyala, ndipo Angelezi adaavala zofanana ndi fumbi. Munthu woima pa chitunda ankangoona chigwa chopanda kanthu m'mene anthu mazanamazana ankafera. Dickson adayesa galasi lokokera pafupi zinthu zakutali, koma silidamthandize kwenikweni. Ndipo kamera yolemera ija siikadatha kuthamangira kumene kwavuta. Inkayenera kuimikidwa, kulunjikitsidwa, ndi kudikira kuti chinthu chidutse patsogolo pake. Nchifukwa chake zimene adatumiza kwao, ulendo wa milungu ngati itatu pa nyanja, zinali za m'mphepete mwa nkhondo: mizinga ikuwombera mdani wosaoneka, amisiri akukonza mlatho wa ku Frere, asilikali akuyenda pa mzere. Chopambana mwa zonse, m'kuona kwathu, ndi chimene adajambula pambuyo pa Spion Kop: ngolo zonyamula ovulala zikuwoloka Tugela pang'onopang'ono, gulu logonja likubwerera. Mulibe ngwazi m'menemo. Mwina ndicho chithunzi choona kuposa zonse zimene nkhondoyo idasiya pa filimu, ndipo chidatheka chifukwa chakuti kugonja kumayenda pang'onopang'ono, pa liŵiro limene kamera yolemera ingathe kulitsata.

Kumene mboni idalephera, amalonda adadzazapo ndi maseŵero. Ku Blackburn kampani ya Mitchell ndi Kenyon inkaveka anthu zovala za Mabunu ndi kuŵajambula m'madambo a ku Lancashire. Robert Paul adajambula zonga zomwezo kufupi ndi London, ndipo kampani ya Edison idamenya nkhondo yake ya Mabunu m'mapiri a ku New Jersey. M'zithunzi zimenezi munali zonse zimene za Dickson zinkasoŵa: utsi, kugwa, mdani wooneka nkhope ndi woipa mtima. Kungakhale kosavuta kuika Dickson ku dzanja lamanja ndi enawo ku dzanja lamanzere, koma mbiri siitilola. Atachira matenda a taifodi amene adamgwira Ladysmith itamasulidwa, adatsata gulu la Lord Roberts mpaka ku Pretoria, mzinda umene udagwa pa 5 Juni 1900. Chithunzi chake cha kukweza mbendera ya Britain kumeneko sichinali cha mwambo weniweniwo: adachita kuubwereza, ndi mbendera yaikulu yoti ioneke bwino pa nsalu. Mzindawo udagwadi, mbendera idakwezedwadi, malo ake ndi omwewo. Kodi tinene kuti adanama? Ife tingati adachita chimene mboni zambiri zimachita pa bwalo la milandu, kukonza pang'ono zimene zidachitikadi kuti zimveke bwino. Vuto lake nlakuti woonera alibe njira yodziŵira pamene pakonzedwa, popeza chithunzi chokonzedwa ndi chosakonzedwa zimaŵala chimodzimodzi.

Palinso zimene kamerayo siidayang'ane nkomwe. Nkhondo ija inkatchedwa ya azungu okhaokha, koma anthu akuda oposa 100,000 adagwira ntchito ku mbali ya Britain, monga oyendetsa ngolo, okumba maenje, azondi ndi alonda, ndipo enanso adatumikira Mabunu. Pa Spion Kop panalinso gulu la Amwenye onyamula ovulala, pakati pao loya wina dzina lake Mohandas Gandhi. Anthu otereŵa akaloŵa m'zithunzi za nthaŵiyo, amangodutsa m'mbali, opanda dzina, ngati mitengo ya m'njira. Dickson adabwerera ku England pakati pa chaka cha 1900, anthu ambiri akuganiza kuti nkhondo yatha. Idapitirira mpaka pa 31 Meyi 1902, ndipo gawo lake loŵaŵa kwambiri linali lisanafike: kutentha midzi ndi minda, ndi kutsekera anthu m'misasa, m'mene mudafera Mabunu pafupifupi 28,000, ambiri mwa iwo ana, ndiponso anthu akuda oposa 14,000 olembedwa m'mabuku, ngakhale akatswiri amati chiŵerengero chenicheni chidafika pa 20,000 kapena kuposa. Sitingamuimbe Dickson mlandu wa zimene zidachitika iye atachoka. Koma nkoyenera kuona kuti amene adadzutsa chikumbumtima cha Britain pa za misasa ya Mabunu sanali wa kamera ya kanema: anali mai wina, Emily Hobhouse, amene adapitako, adaona, nalemba lipoti mu 1901. Kamera ya Biograph inkapita kumene mkulu wa asilikali wapereka chilolezo ndi ngolo. Ku misasa kunalibe woiitana.

Dickson adasimba za ulendo wakewo m'buku lotchedwa The Biograph in Battle, la 1901, limene ndi loyamba kulembedwa ndi wojambula kanema wa ku nkhondo. Patangopita zaka zoŵerengeka adasiya za kanema nabwerera ku ntchito ya zamagetsi. Nayo kampani idazilala, chifukwa lamba wake wamkulu uja adagonja kwa lamba wa mamilimita 35, wotsika mtengo ndi wopepuka. Motero Dickson wa ku London adagonjetsedwa ndi Dickson wa ku West Orange. Adamwalira ku Twickenham pa 28 Sepitembala 1935, ali ndi zaka 75. Patapita miyezi 9, Papa Pius XI adatulutsa Vigilanti Cura, kalata yoyamba ya Apapa yonena za kanema yekha.

Pa za mbiri yake, iye mwini adathandiza kuisokoneza. M'kabuku kamene adalemba ndi mlongo wake Antonia mu 1895 adati mu 1889 adalonjera Edison, pobwera kuchokera ku Paris, ndi chithunzi choyenda ndi cholankhula pa nsalu, zimene akatswiri a mbiri ya kanema savomera. Ndipo m'mabuku ena aŵiriwo adamkweza Edison kotero kuti dzina la wantchito lidamira m'dzina la bwana. Mu 1961 Gordon Hendricks adalemba The Edison Motion Picture Myth, natembenuza mlandu wonse kuti ulemu upite kwa Dickson. Mu 2008 Paul Spehr adaŵeruza modekha, kusonyeza kuti maganizo, ndalama ndi malo ogwirira ntchito zinali za Edison, koma manja ndi kupirira zinali za Dickson. Ngakhale chithunzi cha Papa chija chidamchoka kwa kanthaŵi: kwa zaka zambiri chinkaonetsedwa ndi chizindikiro chakuti adachijambula Vittorio Calcina wa ku Torino mu 1896, mpaka ofufuza adachibwezera kwa mwini wake ndi ku chaka chake. Malamba a mamilimita 68 amene adapulumuka akusungidwa makamaka ku Eye Filmmuseum mu Amsterdam ndi ku British Film Institute mu London, ndipo ena adakonzedwanso ndi makina amakono, kotero kuti munthu angathe kuŵerenga nkhope za anthu a m'khamu mmodzimmodzi.